Kodi Madzi Amafika Pati?

M'mwezi wa Okutobala 2014, dzuwa likuswa mtengo, ndidali m'komboni ina pafupi ndi mgodi wa Trojan ku Bindura, tauni ya migodi yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakummawa kwa Harare. Ndidapitako ndi kope ndi kachipangizo kojambulira mawu, cholinga changa chili kufufuza Chichewa cha ana ndi adzukulu a anthu amene adachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a m'chigwa cha Mazowe. Tsiku limenelo ndinkacheza ndi gogo wina wa ku Dedza amene adafika m'dzikomo mu 1958 ndipo sadabwererenso kwawo. Tidakhala pakhonde, uku mdzukulu wawo wamkazi, wazaka ngati khumi, akuthirira kadimba ka mpiru ndi paipi pambali pa nyumba.

Mtsikanayo ankafuna kuti madzi afike pa nthochi yomwe idali kumalire a dimba. Adatseka mbali ina ya kukamwa kwa paipi ndi chala chachikulu, madzi n'kuuluka kupita patali. Atatsina kwambiri, madzi aja adasanduka nkhungu n'kumagwera pafupi. Gogo uja adafuula nati, "Iwe, usatsine kwambiri! Ukawapanikiza sapita patali amenewo." Mwanayo adamva, adamasula chala pang'ono, koma adayankha m'Chishona. Ine ndidalemba m'kope mwanga kuti amamva koma sayankhula, ndipo ndidadula mzere kunsi kwa dzina lake.

"Aphunzitsi, mwalemba chiyani pamenepo?" adandifunsa gogo uja.

"Ndalemba kuti Chichewa cha m'banja lanu chathera pa mwanayu, agogo."

Adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Ndiye kuti ulendo wonsewu mwabwera kudzationa pomwe tathera?"

Ndidasowa choyankha, ndipo funsolo lidandilowa mumtima pa chifukwa chimene gogoyo sankachidziwa. Malume anga adapita ku Halale mu 1961. Adatumiza bulangete limodzi ndi makalata awiri, kenaka zii. Kumudzi tidawatcha mtchona, ndipo agogo anga aakazi adamwalira akunenabe kuti madzi saiwala khwawa, mwana wawo adzabwera. Choncho m'maganizo mwanga mtsikana wa paipi uja, malume anga ndi madzi ouluka aja zidamangika pamodzi. Ndidaganiza zofunsa akatswiri a fizikisi funso looneka lachibwana: madzi otuluka m'paipi amafika pati, ndipo n'chiyani chimawaletsa kupitirira? Ndidapeza kuti yankho lawo lili ndi phunziro kwa ife amene timayeza anthu ndi ziyankhulo zawo.

Chiyankhulo chathu chilibe liwu limodzi lotchulira madzi amene afwamphuka pakamwa pa paipi n'kumayenda mumlengalenga asadamwazike. Kasupe timati amatumphuka, mtsinje umayenda, denga limadontha. M'nkhani ino madzi oterewa ndiwatcha chingwe cha madzi, popeza amaoneka ngati chingwe, ndiponso, monga tione, amaduka ngati chingwe.

Tiyambe ndi masamu a papepala. Mu 1638, Galileo Galilei adasonyeza kuti chinthu choponyedwa, mpweya ukapanda kuchisokoneza, chimayenda njira yokhota ngati uta, ndipo chimafika patali koposa chikaponyedwa mopendeketsa madigiri 45, ndiko kuti pakati penipeni pa kuloza kumwamba ndi kuloza kutsogolo. Mu 1644, Evangelista Torricelli, amene adathandiza Galileo m'miyezi yomaliza ya moyo wake, adalemba kuti madzi otuluka pachiboo cha m'munsi mwa thanki amatuluka ndi liwiro lofanana ndi la mwala umene wagwa kuchokera pamwamba pa madziwo kufika pachiboocho. Tikaphatikiza mfundo ziwirizi timapeza lamulo losavuta: chingwe cha madzi chiyenera kufika pa mtunda wowirikiza kawiri kutalika kwa madzi amene akuchikankha. Thanki ikakhala mamita 10 m'mwamba, madzi amatuluka pa liwiro la mamita 14 pa sekondi ndipo ayenera kugwa pa mamita 20. Ikakhala mamita 100, liwiro ndi mamita 44 pa sekondi, mtunda mamita 200. Paipi yotsika mosalekeza mumgodi wakuya mamita 1,000 ingatulutse madzi pa liwiro la mamita 140 pa sekondi, ndipo papepala madziwo angaponyedwe makilomita awiri.

Koma zimenezi n'zapapepala. Paipi ya ozimitsa moto, ngakhale itakankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi ya thanki ya mamita 100, sifikitsa madzi ngakhale theka la mamita 200 aja. Zifukwa zake zilipo zitatu.

Choyamba, chingwe cha madzi chimaduka chokha, ngakhale popanda chochisokoneza. Pamwamba pa madzi pali ngati kachikopa kosaoneka kamene kamakoka madziwo kuti aunjikane. Ndi kamene kamachititsa kuti dontho la mame likhale lobulungira pa tsamba la chimanga. Félix Savart adaona mu 1833 kuti chingwe cha madzi chimayamba kutupa apa n'kuwonda apo chisadaduke. Joseph Plateau, wa ku Belgium, amene panthawiyo adali atachita khungu ndipo ankadalira maso a anzake, adafotokoza mu 1873 kuti chingwe chamadzimadzi chikatalika kupitirira kukula kwa mzere wochizungulira sichingakhazikike. Lord Rayleigh adamaliza masamu ake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870. Tanthauzo lake n'lakuti palibe chingwe cha madzi chimene chingakhale chingwe mpaka kalekale. Kuduka kuli m'chibadwa chake. Aliyense angadzionere yekha potsegula mpopi pang'ono: pamwamba madzi amakhala osalala ngati galasi, m'munsi ali madontho.

Chachiwiri ndi mpweya. Ife timauona ngati chinthu chopanda kanthu, koma kwa madzi othamanga mpweya uli ngati thengo lowirira. Liwiro likawirikiza kawiri, kukana kwa mpweya kumawirikiza kanayi. Mpweya umakwakwata khungu la chingwe, n'kumasenda timadontho, mpaka chingwe chonse chitanyenyeka. Dontho likakhala lokha silichedwa kutopa, pakuti ndi lopepuka poyerekeza ndi kukula kwa khungu lake. Ngakhale dontho lalikulu la mvula siligwa pa liwiro lopitirira mamita 9 kapena 10 pa sekondi, ndipo likakula kupitirira mamilimita asanu kapena asanu ndi limodzi mpweya umaliswa. N'chifukwa chake madigiri 45 a Galileo sagwira ntchito pamadzi. John R. Freeman, injiniya wa ku America amene adayeza mapaipi ozimitsira moto n'kufalitsa zomwe adapeza mu 1889, adaona kuti madzi amafika patali koposa paipi ikapendeketsedwa madigiri pafupifupi 32. Ngakhale malo ali ndi mbali yake: Bindura ili mamita opitirira 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wopepukirapo ndi gawo ngati limodzi mwa magawo khumi, kotero kuti paipi yomweyo ingaponye madzi patsogolo pang'ono ku Bindura kusiyana ndi ku Beira.

Chachitatu ndi kunenepa kwa chingwecho. Ku Geneva kuli kasupe wochita kupanga wotchedwa Jet d'Eau, amene amaponya malita 500 pa sekondi pa liwiro la makilomita 200 pa ola. Papepala madziwo ayenera kukwera mamita pafupifupi 157, ndipo amakwera mamita 140. Amataya pang'ono chabe chifukwa chingwe chake n'chonenepa. Tiyerekeze ndi makina odulira zitsulo ndi madzi, amene amatulutsa madzi pa liwiro loposa la phokoso kudzera pa kachiboo kosakwana theka la milimita. Madzi amenewa amaboola chitsulo chimene chili pafupi ndi kachibooko, koma pa mamita ochepa chabe amasanduka nthunzi yopanda mphamvu. M'chingwe chonenepa, madzi a kunja ndiwo amalimbana ndi mpweya n'kumasendeka, pomwe a m'kati amayenda motetezeka. M'chingwe chowonda, madzi onse ndi akunja.

Apa ndi pomwe tikuona kuti gogo wa ku Dedza adanena zoona. Chala chikatseka mbali ya kukamwa kwa paipi, madzi oyenda m'paipimo amachepa, mphamvu yomwe imatayika pokhulana ndi makoma a paipi imachepanso, ndipo madzi amatuluka mothamanga. Koma chala chikatsina kwambiri, chingwe chimawonda n'kutuluka chong'ambikang'ambika, ndipo mpweya umachimaliza nthawi yomweyo. Pali malire amene kuwonjezera mphamvu kumayamba kuchepetsa mtunda.

Komabe funso lathu silidayankhidwe. Ngati chingwe chimayamba kusendeka chikangotuluka, ndipo madontho ena amagwa pafupi, ena patali, ena n'kuuma asadafike pansi, tinena kuti madzi afika pati? Freeman adayenera kusankha. Popeza ankaganiza za moto, adati chingwe n'chothandiza kufikira pomwe sichidasanduke mvula yowazika, pomwe magawo asanu ndi anayi mwa magawo khumi a madzi ake angathe kudutsabe m'bwalo la mainchesi 15. Kupitirira pamenepo, kwa wozimitsa moto, madziwo atha, ngakhale akugwabe. Koma mlimi wa mthirira ali ndi muyeso wina. Iye safuna chingwe chathunthu, chifukwa chingakumbe nthaka n'kuthyola mbande. Zipangizo zake zowazira zidapangidwa dala kuti ziswe chingwecho. Wamumgodi nayenso ali ndi muyeso wake. Miyala ikaphulitsidwa, amawaza madzi kuti fumbi likhale pansi, pakuti fumbi la miyala ndilo lidawononga mapapo a anthu osawerengeka m'migodi ya kummwera kwa Afirika. Kwa iye nkhungu ija, imene wozimitsa moto amaiyesa madzi otayika, ndiyo imapulumutsa moyo.

Sayansi ingatiuze pomwe dontho lililonse lidzagwere. Koma liwu lakuti "kufika" si la sayansi. Ife aziyankhulo tikudziwa kuti mneni ameneyu sakwanira payekha: munthu amafika penapake, amafikira kwa winawake, amafikitsa kanthu. Tisadayeze mtunda, timakhala titasankha kale chimene tikufuna kuti madziwo akachite. Kusankha kumeneko n'kwa woyeza, ndipo mlandu wake ndi wa woyezayo.

Tsono ndikaunguza kope langa la 2014, ndimapeza kuti ndidapita ku Bindura ndi muyeso wa wozimitsa moto. Ndinkafunafuna Chichewa chathunthu, chofanana ndi cha pakamwa pa paipi, cha ku Dedza kapena ku Kasungu, ndipo pomwe sindidachipeze ndidadula mzere. Muyeso womwewo ndi umene tidawayezera malume anga kumudzi. Liwu lakuti mtchona limaona munthu kuchokera kumene adachoka. Silifunsa chimene adakachita kumene adagwera. Limangoti sadabwere, sadatumize, watayika, ndipo madzi akatayika saoleka. Chonsecho, mbiri ya dera lomwelo la Bindura ikusonyeza zambiri zimene madziwo adachita. Mu 1927 anthu ogwira ntchito pa mgodi wa golide wa Shamva, kummawa kwa Bindura, adanyanyala ntchito m'zikwi zawo, ndipo ambiri mwa iwo adali ochokera ku Nyasaland. Gule wamkulu adamera mizu m'makomboni mpaka Ashona adamupatsa dzina lawolawo lakuti zvigure. Mpingo wa CCAP, umene udatsatira anthu ake kuchokera ku Nkhoma, udakhala ndi sinodi yakeyake ku Salisbury mu 1965. Alick Macheso, amene adabadwira m'dera la Shamva mu 1968 m'banja lochokera ku Malawi, adakhala mmodzi mwa oimba otchuka koposa a sungura, ndipo waimba m'Chishona ndi m'Chichewa momwe. Mu 2013 malamulo aakulu atsopano a Zimbabwe adaika Chichewa m'gulu la ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Wina anganene kuti awa ndi madontho chabe. Inde, koma dimba limamera ndi madontho.

Wowerenga watcheru anditsutsa apa, ndipo ali ndi mfundo. Anganene kuti ndikudzitonthoza ndi fanizo lokoma. Kuti chiyankhulo chimene adzukulu sachiyankhula chikufa ndithu, ndipo kuchitcha mvula ya m'dimba sikuchiukitsa. Ndikuvomera. Sindikunena kuti palibe chotayika. Mwana amene sangathe kumva mwambi wa agogo ake wataya chuma chenicheni, ndipo ntchito yanga yolemba kutayikako si yachabe. Chimene ndikukana ndi kudula mzere kunsi kwa munthu. Kunena kuti mawu akutiakuti sakumvekanso m'banja ili ndi kuyeza. Kunena kuti banjali lathera apa ndi kugamula, ndipo chigamulocho ndidachipereka ngati kuti ndi masamu.

Palinso malo ena pomwe fanizo la madzi limatsimphina, ndipo kutsimphinako n'kofunika kuposa kufanana kwake. Mpweya ulibe mlandu. Sufuna kuswa chingwe, umangokhalapo. Koma chimene chidakankha anthu kuchoka ku Nyasaland, ndi chimene adakumana nacho panjira, zidapangidwa ndi anthu. Msonkho wa nyumba umene atsamunda adakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890 unkafuna ndalama m'dziko losowa ntchito zolipira. Bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau, limene anthu adalitcha chibalo, lidayamba mu 1903 kusonkhanitsa antchito a m'migodi ndi m'mafamu. Patapita zaka pafupifupi zana limodzi, kulandidwa kwa mafamu kumene kudayamba mu 2000 kudasiya antchito ambiri a m'mafamumo, ena mwa iwo mbumba ya ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, opanda ntchito ndi pokhala. Lamulo la unzika la 2001 lidalamula anthu obadwira m'Zimbabwe kuti akane unzika wa maiko a makolo awo, maiko amene ambiri sadawapondepo, ndipo amene adalephera kutero adasanduka alendo m'dziko lobadwira. Ankanyozedwa kuti ndi Mabhurandaya, a ku Blantyre, anthu opanda mfunda, ngakhale adali Aphiri ndi Abanda. Malamulo aakulu a 2013 adawabwezera unzikawo, koma zaka khumi ndi ziwiri n'zokwanira kuti mayi aphunzitse mwana wake kusayankhula Chichewa pamzere wa zitupa. Mu 2008 mgodi wa Trojan udaimitsa ntchito kwa zaka zingapo, ndipo mgodi ukaima komboni imabalalika. Mtsikana wa paipi uja adabadwa m'kati mwa zonsezi. Kumufunsa chifukwa chimene sayankhulira Chichewa, osafunsa za zimenezi, kuli ngati kudzudzula dontho chifukwa chosiyana ndi chingwe.

Phunziro la kunenepa kwa chingwe nalo likutikhudza. Chichewa chidakhalitsa m'makomboni a migodi kusiyana ndi m'mabanja omwazikana m'matauni, chifukwa m'komboni anthu adali ambiri pamodzi: dambwe lidalipo, mpingo udalipo, mabungwe a maliro adalipo. Munthu mmodzi, ngakhale atakhala wolimba mtima chotani, ndi chingwe chowonda. Mbali zake zonse zili kumphepo. Malume anga, ngati adagwera pafamu yakutali ali okha, sadafunike kukhala munthu woipa kuti atchone. Ndiponso ngati m'kati mwa chingwe mumayenda motetezeka, n'chifukwa chakuti kunja kukusendeka. Mwana amene amapita kusukulu, kuchipatala ndi ku ofesi ya boma kukayankhula Chishona m'malo mwa agogo ake ndiye khungu la chingwecho. Gogo wa ku Dedza adasunga Chichewa chake chosalala kwa zaka 56, mwa zina, chifukwa ana ndi adzukulu ake ndiwo ankakumana ndi mphepo. Ine ndidatamanda gogoyo n'kudula mzere pa mdzukulu, osazindikira kuti wina adalipira kuti mnzake asungike.

Tsono udindo wathu ndi wotani, ife otsala kumudzi, ndi ife a m'sukulu za ukachenjede? Kukakamiza si yankho; gogo uja adanena kale za kutsina kwambiri. Mwana amene amanyozedwa ndi abale a ku Malawi kuti Chichewa chake n'chopindika amangophunzira kutseka pakamwa. Chimene chingathandize ndi kunenepetsa chingwe: mabuku a ana, aphunzitsi, mapulogalamu a pawailesi, maulendo ochezerana, kuti ufulu umene udalembedwa mu 2013 ukhale ndi anthu ouyankhula. Ndipo tisadatenge kope kupita kwa anthu, tiyenera kudzifunsa kuti muyeso tanyamulawu ndi wa yani, ndipo amene tikukawayezawo angauvomere kapena ayi. Makolo adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anthu a ku Bindura adauzidwa mawu otere ndi eni dziko kwa zaka zambiri. Sikudali koyenera kuti awamvenso kuchokera kwa ine, mlendo weniweni wa tsiku limodzi.

Zaka zingapo zitadutsa, pokonzekera phunziro, ndidamvetseranso zimene ndidajambula tsiku lija. Kuseri kwa mawu a gogo ndi anga kukumveka madzi akuwaza pa masamba, kenaka mpopi ukutsekedwa. Kukumveka mapazi akuyandikira khonde. Mtsikana uja, pofuna kudutsa pakati pa agogo ake ndi mlendo kuti akaike paipi m'nyumba, akunena motsitsa mawu kuti, "Zikomo." Sikudali kuthokoza ayi. Idali zikomo ija yopempha njira pamaso pa akulu, imene mwana amainena atawerama pang'ono, imene palibe amaiphunzira m'buku. Pa pepala langa la mafunso padalibe malo olembapo zimenezi. Sindikuti liwu limodzi ndi chiyankhulo, ndipo mzere ndidadula uja sindidaufufute, pakuti ndimauonetsa kwa ophunzira anga chaka chilichonse asadapite kukachita kafukufuku wawo. Ndimawaseweretsa mawuwo, ndimawaonetsa kopelo, n'kuwafunsa kuti andiuze pomwe madziwo adafika.